Mutu 6: Wailesi ndi Kapepala ka Mwana wa Atelala

1. Womalizira anzake mawu

Pali anthu amene sadikira kuti mnzawo atsirize kulankhula. Wailesi anali mmodzi wa iwo. Ukangoyamba kuti, "Dzulo ndinapita ku..." iye amakhala atakupezera kale kumene unapita, chimene unakachita, ndi amene unakumana naye pobwerera. Nthawi zambiri ankalasa ndithu, ndipo n'chimene chinamuwononga.

Dzinali anam'patsa ndi alamu ake, akazi a achimwene ake, amene ankakhala nawo nyumba imodzi.

"Mlamu wangayu ndi wailesi yopanda pozimitsira," ankatero iwo. "Ngakhale magetsi azime, iyeyu amagwirabe."

Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Atamaliza Fomu 4 anayamba kuthandiza pamalo a achinyamata a m'dera lawo. Malowo anali holo ya malata yokhala ndi mabenchi khumi ndi awiri, kabati ya mabuku yosatsekeka bwino, ndi kachipinda kumbuyo ka mipando iwiri. M'kachipindamo ndi mmene mwana aliyense wokhala ndi nkhawa ankalowa kukalankhula ndi mlangizi.

Ana ankamukonda Wailesi. Ankatha kuwaseketsa, kuwaimbitsa, ndi kuleretsa ndewu ya anyamata asanang'ambirane malaya.

Woyang'anira malowo anali mayi wina amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Onse ankawatchula kuti Amayi a Makiyi, chifukwa ankayenda ndi mpukutu wa makiyi m'khosi, womangidwa ndi chingwe cha nsapato. Kawiri konse mayiwa anamupezera Wailesi malo ku maphunziro a alangizi a achinyamata, a masabata asanu ndi limodzi, ochitikira kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kawiri konse iye anakana.

"Akandiphunzitse chiyani, Amayi? Kulankhula ndi ana? Ine ndinabadwa ndikulankhula kale."

"N'chimene chikundiopsa chimenecho," anayankha mayiwo, n'kupitiriza kusesa.

2. Lachiwiri

Lachiwiri lina masana, Amayi a Makiyi ali kumsonkhano, pachitseko cha kachipinda kaja panagogoda mtsikana wa Fomu 2. Anali mwana wa atelala a pafupi ndi siteji ya basi. Anzake ankamutchula Kasingano poti anali wochepa thupi ndiponso wosalankhulalankhula.

Anakhala pansonga ya mpando. Anatulutsa kapepala kopinda m'kope lake, n'kukayandikiza kumaso kwenikweni, kenaka n'kukapindanso.

"Asisi," anayamba motsitsa mawu, "ine sukulu ndikuona ngati ndisiya, chifukwa..."

"Chifukwa cha mnyamata," anamalizira Wailesi. "Usachite manyazi, ndadziwa kale. Kalatayo ndi yake, eti? Ibise, sindikufuna n'kuiwerenga komwe. Onse amalemba zofanana. Akuti sakugona tulo, akuti akamamwa madzi akumakuona m'kapu. Bodza, mng'ono wanga! Akugona mpaka kuliza mkonono."

Kasingano anatsegula pakamwa, koma Wailesi anali atafika kale pa nkhani ya mimba zosayembekezera. Kuchoka apo anapita pa matenda, kenaka pa mnzake wina amene anasiya sukulu ndipo tsopano akulira. Analankhula mphindi makumi awiri osameza malovu. Mtsikanayo anangoyang'ana pansi.

"Wamva?"

"Ndamva, asisi."

Wailesi anamuperekeza mpaka pakhomo, mtima uli mbee, poganiza kuti wapulumutsa munthu.

3. Lachisanu

Lachisanu lililonse kunkakhala zokambirana za gulu lonse. Tsiku limenelo kunabwera ana oposa makumi anayi, ndipo kunatentha. Mutu wa zokambirana unali wa zibwenzi ndi sukulu. Ena anayamba kusinza, ena ankaponyerana timapepala. Wailesi anaona kuti gulu likumuthawa, ndipo anaganiza zolidzutsa ndi chitsanzo chenicheni.

"Sinditchula dzina," anatero akukweza chala, "chifukwa ife alangizi timasunga chinsinsi. Koma Lachiwiri lomweli, mtsikana wina wa Fomu 2 anabwera kwa ine m'kachipinda umo, kalata ya mnyamata ili m'manja, akuti akufuna kusiya sukulu."

Osinza aja anadzuka. Mabenchi analira, mitu yonse n'kutembenukira kumodzi. Lachiwiri limenelo ana ambiri anali panja akusewera mpira, ndipo onse anaona kuti m'kachipindamo munalowa munthu mmodzi yekha.

Mnyamata wina anaimba mluzu. "Kasingano! Iwe amene timati sudziwa kanthu iwe?"

Holo yonse inaphulika ndi chiseko. Kasingano ananyamuka, n'kugunda bondo pansonga ya benchi ngati sanaione, n'kutuluka osacheuka.

Lolemba sanapite kusukulu. Lachiwiri chimodzimodzi. Nkhani inali itachoka kwa ana n'kufika kwa amayi awo, kuchoka kwa amayi n'kufika kwa obwera kudzasoketsa zovala. Pofika Lachitatu, aliyense anali atamva kuti atelala amuletsa mwana wawo sukulu. Akuti azikhala pashopu pomwe iwo akumuona, mpaka adzamutumize kwa azakhali ake.

4. Mawu a Amayi a Makiyi

Lachitatu lomwelo Amayi a Makiyi anamuitanira Wailesi m'kachipinda kaja, n'kutseka chitseko.

"Kalata ija unaiwerenga?"

"Ayi, Amayi, koma zinali zoonekeratu kuti..."

"Mnyamatayo dzina lake ndani?"

"Sananene."

"Ananena kuti pali mnyamata?"

Wailesi anayang'ana kudenga, kenaka pansi. Kwa nthawi yoyamba anasowa chomalizira.

Mayiwo anakhala pampando winawo, makiyi n'kulira pachifuwa pawo.

"Tamvera, mwanawe. Ine ndagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu. Munthu akalowa atagwira pamimba, sitithamangira jakisoni. Timafunsa, kenaka timakhala chete. Wina amagwira pamimba pamene vuto lili kumsana. Wina amayamba ndi kukuuza za chifuwa, ndipo chimene wabwerera amachinena atagwira kale chitseko kuti azipita. Ukamudula pakati, amapita nacho kwawo. Mwana ndiye koposa. Mwana akakhala chete si kuti wavomera ayi. Waona kuti wamkulu wasankha kale yankho, ndipo sakufuna kukuchititsa manyazi. Safunsa anadya phula, koma iwe phulalo wadyetsa mwana wa eni.

"Chachiwiri ndi ichi. Iwe ukuganiza kuti chinsinsi ndi dzina lokha. Ayi. Tsiku ndi dzina. Kalasi ndi dzina. Mtundu wa juzi ndi dzina. M'dera laling'ono ngati lino, ukangoti mtsikana wina wamtali, anthu amakhala atamupeza kale. Chimene chanenedwa m'chipinda muno sichituluka, ngakhale utachiveka chovala china. Chimatuluka pokhapokha mwana ali pangozi, ndipo apo chimapita kwa ine, osati kwa ana makumi anayi. Ukafuna chitsanzo chodzutsira gulu, peka chako, kapena nena za iwe mwini.

"Zimenezi si nzeru zobadwa nazo. Inenso anachita kundiphunzitsa, ndipo ndinalira pophunzira. Mtima wabwino uli nawo, sindikukana. Koma mtima wabwino wopanda luso uli ngati mpeni wakuthwa m'manja mwa munthu wothamanga."

Wailesi anavula wezulo amene ankavala m'khosi poyendetsa masewera, n'kumuika patebulo.

"Basi Amayi, ndasiya. Ndizikathandiza alamu kuluka tsitsi. Kumeneko ngakhale ndilankhule tsiku lonse palibe amene angafe."

"Kusiya n'kwako, sindikugwira mwendo. Koma waswa mbale, sungachoke osatola magalasi, ena angaponde. Mawa tipita kwa atelala. Ine ndikakhala pambali, wolankhula ndiwe." Anavula mpukutu wa makiyi uja n'kumupatsa. "Gwira. Alipo khumi ndi imodzi. Ukafunsa funso, uzikhudza kiyi iliyonse ndi chala, imodziimodzi, usanatsegulenso pakamwa. Kumaphunziro kuja amawerengetsa chamumtima. Iwe chamumtima sungathe, ukufunika chogwira."

5. Pashopu ya atelala

Shopu ya atelala inali pakhonde la nyumba yoyang'ana kumsewu. Panali makina opalasa ndi phazi, mulu wa mayunifolomu odikira mabatani, ndi tizidutswa ta nsalu mbwee pansi. Kasingano anakhala pakampando kumbuyo akusomola mpendero wa siketi. Ataona alendowo anaweramitsa mutu.

Atelala anali bambo wamfupi, wa tepi m'khosi ndi choko kukhutu. Anapereka moni kwa Amayi a Makiyi mwaulemu, koma Wailesi anangomuyang'ana.

"Bambo," anayamba Wailesi, "nkhani imene munamva ya mwana wanu inachokera pakamwa panga. Iye sanandiuze kuti ali ndi mnyamata. Ndinangoganiza ndekha, kenaka n'kukanena pagulu. Ndalakwa."

Makina analeka kulira.

"Ndiye inuyo ndi amene..." anayamba atelala.

Milomo ya Wailesi inagwedezeka. Mawu otsatira anali kale palilime. Anafinya makiyi aja mpaka anamulasa m'chikhato.

"...ndi amene timakutumizirani ana kuti muziwaongola? Mukudziwa chimene mwachita, chemwali? Ine pano ndimasoka zovala za dera lonse lino. Sabata ino aliyense wobwera ndi nsalu akubweranso ndi funso. Wina dzulo anachita kundifunsa ngati ndayamba kusoka diresi la ukwati. Mwanayu ndamufunsa katatu, akungolira. Ndiye ine ndikanaganiza chiyani? Nsalu ukaidula molakwika siibwerera, chemwali. Timayeza kawiri tisanagwire sizasi. Inu simunayeze n'kamodzi komwe."

"Zoona, bambo," anatero Wailesi, n'kulekera pomwepo. Amayi a Makiyi anamuyang'ana chammbali.

Kenaka Wailesi anapita pamene panali Kasingano, n'kunjuta kuti maso awo alingane.

"Tsiku lija unati sukulu usiya chifukwa, ine n'kukudula. Chonde malizitsa. Chifukwa chiyani?"

Anayamba kukhudza makiyi. Yoyamba, ya holo. Yachiwiri, ya kabati. Yachitatu. Basi inadutsa mumsewu. Yachisanu ndi chiwiri. Mtsikanayo ankangotembenuza siketi ija m'manja. Wailesi anafika pa kiyi yomaliza, chete akadalipo, ndipo anamva ngati wakhala pa nyerere. Anayambiranso yoyamba.

Ali pa kiyi yachinayi, Kasingano analankhula.

"Sindiona pa bolodi."

Onse anamuyang'ana, ndipo iye anapitiriza.

"Chiyambire chaka chatha. Ndimakopera kwa mnzanga, koma anamusamutsira kalasi ina. Mayeso apitawa ndinalephera masamu ndi sayansi. Aphunzitsi anandipatsa kapepala koti ndipereke kunyumba."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kope lake. Kapepala kaja kanali momwemo, kakuda m'mopinda chifukwa chogwiridwagwiridwa. Atelala anakatambasula n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono. Aphunzitsi a kalasi ankapempha makolo kuti apite ndi mwanayo kuchipatala akamuyeze maso.

"Maso?" anadabwa atelala. "Mwana uyu ndi amene amandilowetsera ulusi pa singano ine ndikalephera! M'nyumba muno mulibe wa maso akuthwa ngati iyeyu."

"N'chifukwa chake sindinakupatseni, adadi. Mukanati ndikunama, ndikuthawa masamu. Ndimafuna asisiwa adzandithandize kukufotokozerani."

Mawu amenewa anamulowa Wailesi ngati minga. 

Apa Amayi a Makiyi anatsokomola. "Pepani abambo, ndinalonjeza kuti sindilankhula, koma apa pafika pa ntchito yanga yakale. Alipo maso oona bwino pafupi koma osaona patali. Tamuyesani nokha."

Atelala analoza tsidya la msewu, pamene panali chikwangwani chachikulu cha ogulitsa matayala.

"Tawerenga icho."

Kasingano anatsinzinira, n'kutambasula khosi. "Ndikuona kuti n'chofiira."

Bamboyo anachotsa choko kukhutu, n'kuchiyang'ana ngati sanachionepo, n'kuchibwezeranso. 

"Lolemba m'mawa tipita kuchipatala," anatero potsiriza. "Tikachoka kumeneko ndikakusiya ndekha pageti la sukulu. Koma kumalo kwanuko, Amayi, mwanayu sabweranso. Osati pamene olangiza ake ali otere."

"Mwanena zoona," anayankha mayiwo. Sanamuikire kumbuyo Wailesi ngakhale pang'ono.

Wailesi anatembenukiranso kwa mtsikanayo. "Mawa ndi Lachisanu. Ndikufuna ndikakonze pamene ndinawononga. Undiuze iweyo: ndikanene chiyani, ndisakanene chiyani?"

Ulendo uno anangofika pa kiyi yachitatu.

"Mukangonena kuti munanama. Za maso ndidzanena ndekha."

6. Chikwama cha alamu

Lachisanu Wailesi anaimirira kutsogolo kwa gulu, manja ali kumbuyo.

"Sabata yatha ndinakuuzani nkhani ya mtsikana ndi kalata. Nkhani ija inali yabodza, ndinaipeka ndine, ndipo ndinalakwira munthu wosalakwa. Amene anaitenga kupita nayo kunyumba, atengenso iyi akaisiye pomwepo."

Anakhala pansi. Ana anadikira kuti apitirize, koma sanapitirize.

"Asisi, mwadwala?" anafunsa mnyamata wa mluzu uja.

"Ndikuchira," anayankha Wailesi.

Ana atabalalika, anapita kukabweza makiyi. Wezulo uja anali akadali patebulo pamene anamusiya.

"Amayi, maphunziro aja..." Anaima, kudikira kuti mwina amumalizira. Mayiwo anangomuyang'ana, nsidze zili m'mwamba. "Maphunziro aja, malo akadalipo?"

Amayi a Makiyi anatsegula diloo ya tebulo n'kutulutsa fomu. Inali yomwe ija ya ulendo woyamba. Tsiku linali litafufutidwa kawiri ndi cholembera, ndipo pambali panali patalembedwa lachitatu.

"Akuyamba Lolemba. Basi ndi ya Lamlungu m'mawa. Usaganize kuti ukukapuma. Akakujambula ukulankhula ndi munthu, kenaka akakuonetsa pamaso pa anzako kuti uwerenge wekha kuti wamudula kangati. Sabata yoyamba udzafuna kuthawa. Usathawe. Wezuloyu akhala m'diloo muno mpaka ubwere ndi pepala lawo."

Wailesi anasaina.

Kunyumba, alamu ake anamutsitsira chikwama chawo chakuda chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. Zipi yake inali yothothoka mano.

"Masabata asanu ndi limodzi!" anatero akuchipukuta fumbi. "Mlamu, ndiye kuti m'nyumba muno timva kulira kwa mbalame. Achimwene ako mwina ndiwadziwa mawu awo."

"Mudzandisowa, alamu."

"Tsiku lachitatu lokha. Pita nacho kwa atelala ichi, ungakamwaze zovala mumsewu."

Telala wapafupi anali mmodzi yekha. Loweruka m'mawa Wailesi anapita nacho. Bamboyo anachilandira, n'kuyang'ana zipiyo.

"Ulendo?"

"Kusukulu, bambo. Kukaphunzira ntchito imene ndimati ndimaidziwa."

Atelala anangoti abwere masana.

Masana anachipeza chili ndi zipi yatsopano, ndipo lamba amene anali atayamba kusomoka anali atasokedwanso ndi ulusi wolimba, ngakhale iye sanapemphe. Kasingano sanaoneke pakhonde.

Atafika kunyumba anayala zovala pabedi: masiketi atatu, mabulauzi anayi, juzi, thaulo, nsapato zofewa ndi kope latsopano. Alamu ake anaima pakhomo akumuuza zimene waiwala. Pamene ankalowetsa sopo m'kathumba ka pambali, zala zake zinakhudza pepala.

Kanali kapepala kong'ambidwa m'kope, kopindidwa kanayi. Pamwamba pake panali zilembo zing'onozing'ono zothithikana, za munthu wolemba nkhope ili pafupi ndi pepala: "Asisi, muwerenge mukafika."

"Iii, kalata!" anatero alamu ake akusuzumira. "Yachokera kwa ndani? Akuti chiyani?"

Wailesi anakatembenuza kapepalako. Mayankho atatu anali atafika kale pakamwa pake, onse ooneka ngati oona. Anawameza.

"Sindikudziwa, alamu."

"Iwe? Pali chimene sudziwa iwe?"

"Ndikadziwa ndikafika."

Anakabwezera m'kathumba muja osakatambasula. Anapinda juzi n'kuiika pamwamba, anakoka zipi yatsopano ija mpaka kumapeto, n'kuimika chikwamacho pafupi ndi chitseko.